Mabawuti a m'jasi la bambo

Bambo anga anali munthu woonda ngati bango, koma mukanena zimenezo pamaso pawo mwaputa mavu. Pamene ankachoka ku Dedza ali mnyamata kukagwira ntchito kudziko la eni, olemba ntchito ankayamba akweza munthu pasikelo, opepuka n'kuwabweza kumudzi. Iwo anapulumuka poika miyala m'matumba. Kuyambira pamenepo sikelo iliyonse ankaiona ngati mdani wofunika kumuchenjerera.

Nkhondo ya kutchire yomenyera ufulu m'dzikolo itafika povuta, ine ndili kale pabanja kufupi ndi msika wa ku Mbare, bambo anatupa pamchombo chifukwa chonyamula zitsulo kumafakitale a ku Workington. Adokotala anati pafunika opaleshoni. Tsiku lokagonekedwa anavala jasi lawo lalikulu, dzuwa likuswa mtengo. Mayi anawaseka, inenso ndinawaseka. Pasikelo anakana kuvula, akuti akumva kuzizira. Namwino analemba pakhadi zimene sikelo inanena.

Mawa lake opaleshoni inatha msanga, koma bambo sanatuluke. Namwino wina, mayi wachishona, anabwera pabenchi pamene tinakhala.

“Sekuru sakupuma okha,” anatero, kunena bambo. “Mankhwala ofooketsa minofu sakutha m'thupi. Tikuwapopera mpweya ndi manja.”

Anatifotokozera kuti mankhwalawo amawayeza potengera kulemera kwa munthu. Akachuluka, thupi limachedwa kuwachotsa, ndipo chifuwa sichikoka mpweya mpaka atatha. Chimene chinkawadabwitsa n'chakuti muyeso unali wolondola malinga ndi khadi.

Ndinachita mantha kwambiri. Mayi anafuna chogwira, ndiye anakoka jasi lija m'chikwama kuti alikumbatire. Linawagwera pansi kuti khu! Mabawuti anamwazika pasimenti, akuluakulu, ena atasokereredwa m'mphepete ndi ulusi wawo womwe wa mayi.

“Mayo ine! Bambo awa andipha!”

Anatolera mabawutiwo m'chitenje n'kuthamangira kuchitseko cha chipinda cha opaleshoni. Dokotala wogonetsa, mzungu wa dazi, anatuluka, ananyamula mtolowo m'manja, anayang'ana khadi, kenako anaseka mpaka kutsamira khoma. Anati tsopano mtima wake wakhala pansi, poti ankaopa matenda ena obisika. Anati anawapatsa bambo mankhwala a munthu wonenepa, ndiye tingodikira, ndipo anamwino azisinthana kupopa.

Dokotalayo anawalola mayi kuima pakhomo. Sanapemphere ayi, anakalipa. Anawakumbutsa bambo zonse, kuyambira njinga imene anagwetsera mu ngalande mpaka ulusi wobedwawo. Namwino wopopa uja sankamva Chichewa chonse, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Chakumadzulo chala cha bambo chinasuntha. Kenako zikope. Kenako chifuwa chinakwera chokha, n'kutsika, n'kukweranso. Ndinalira mokweza osachita manyazi, ndipo mayi anaimba nthungululu m'chipatala cha eni, anthu a m'mawodi n'kusuzumira.

Atawachotsa chipaipi pakhosi, bambo anatiyang'ana tonse, mawu ali osasa.

“Zonse zija ndamva, amayi. Njingayo inalibe mabuleki.” Anapuma kaye, n'kutembenukira kwa dokotala. “Bwana, ndakhoza? Simundibweza?”

Dokotala sanamve, ndiye ndinamasulira. Anawagwira dzanja n'kunena kuti akhoza, ndipo akanakhoza ngakhale opanda zitsulo.

Bambo anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Zaka zonsezo palibe anawauzapo kuti thupi lawo lokha n'lokwanira.