Alawe ndani madzi a m'tambula?

Lachitatu lapitali ndinaona mayi wina akukana kumwa madzi pamaso pa khamu lokwiya, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Ndinapita kwathu kwa Katunga, ku Chikwawa, mlamu wanga Alufandika atandiitana. Dimba lake lili m'mbali mwa khwawa limene fakitale ina, dzina ndisunge, imatayiramo madzi oipa kudzera m'paipi yaikulu. Chaka chatha anathirira nyemba ndi madzi a m'khwawamo, zonse zinapserera. Chaka chino mbewu ali nayo kale, chinyontho chikuthawa, ndipo Shire ali patali poti sangakatungeko ndi chigubu. Abzale kapena aleke? Nkhawa yake inali imeneyo.

Tsono a fakitale abweretsa makina oyeretsa madziwo, koma ongoyesera kaye: kontena imodzi, matanki ndi timapaipi. Uku kukulowa madzi akuda bii, onunkha moti umapuma ndi pakamwa, uko kukutuluka oyera mbee. Anaitana anthu a m'midzi kuti akaone.

Injiniya woyendetsa makinawo, Mayi Thole, anatunga madzi oyerawo m'tambula n'kuikweza padzuwa. Palibe anaomba m'manja. M'malo mwake anaimirira mlamu wanga.

"Mayi, kuno kwathu ukamapatsa mlendo thobwa umayamba walawa wekha, kuchotsa ufiti. Imwani, ife tione."

Bwana wa fakitale anamwetulira, n'kuwakodola mayiwo ndi mutu kuti angomwako pang'ono nkhani ithe. Anthu a kumbuyo anayamba kukankhana kusendera kutsogolo.

Mayi Thole anaika tambula ija pansi.

"Bambo, sindimwa. Kuyera m'maso sikutanthauza kuti zoipa zatha. Tikuyesa, sitinadziwe."

Kunabuka chiphokoso. Mayi wina wogulitsa nsomba anakuwa m'Chisena kuti nkhabe, ayi, asatinamize. Mayi Thole anadikira, kenaka anafotokoza kuti madziwo amapita kaye kokapimidwa, ndipo makina ayenera kuonedwa ngati angapirire kutentha kwa mu Okutobala komanso matope a m'dzinja. Anawonjezeranso chimene bwana uja sanafune kuti timve: makinawo akungotapako pang'ono, madzi ena onse akupitabe kukhwawa monga kale. Bwana anayamba kuyang'ana foni yake.

Inenso ndinapsa mtima, sindibisa. Koma pobwerera ndinadzifunsa kuti, akadamwa, bwenzi titatani? Bwenzi titaimba nthungululu. Alufandika akanabzala m'mawa mwake, n'kuthirira madzi a paipi yaikulu amene sanadutse n'komwe m'makina.

Inu awerengi, ifetu timakonda chionetsero. Wotipatsa mjigo amamwa pa tsiku lotsegulira, kamera ili pamphuno, ndipo tikamadzazindikira kuti madziwo ndi amchere iye ali ku Blantyre. Wogulitsa mankhwala m'basi amanyambita kabotolo, ife n'kugula. Koma munthu akati "sindinadziwe, dikirani" timamuona ngati mfiti. N'chifukwa chiyani timakhulupirira wolimba mtima pomeza, osati wolimba mtima ponena zoona?

Komabe musandimve molakwa. Kuona mtima kwa injiniya sikuthirira dimba la munthu. Kuyesa n'kwabwino, poti ukasayesa umagula chimakina chachikulu chodzafa ndi dzimbiri. Funso n'lakuti, pamene akuyesapo, a kumunsi adye chiyani? Woyesa amadikira zotsatira malipiro akulowa. Mlimi amadikira nthaka ikung'aluka. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pano akumva m'mimba si a fakitale.

Anthu atayamba kubalalika, mlamu wanga anafunsa bwana uja ngati paipi yaikulu ingatsekedwe kufikira kuyesa kutatha. Anamuyankha kuti nkhaniyo apita nayo kwa akuluakulu. Mau amenewo tonse timawadziwa kumene amathera.

Kenaka Alufandika anapita kwa Mayi Thole ndi chigubu chake, n'kupempha kuti amudzazire madzi oyera aja. Iwo anamuchenjeza kuti sangalonjeze kanthu.

"Takhuta, mayi," anathokoza m'Chisena mlamu wanga. "Inu yesani kuno, ine ndikayesa kudimba. Mzere umodzi wokha."

Mbewu yotsala waimangirira kudenga. Mzerewo ukamera, alibebe madzi othirira dimba lonse. Ukapsa, chaka chapita.

Pochoka ndinadutsa pakhwawa paja. Paipi yaikulu inali kulavulabe, ng'ombe zikumwa chakumunsi, amayi awiri akutsuka mbatata.

Mwambo umati ayambe kulawa mwini thobwa. Nanga pakhwawa paja, zaka zonsezi, akhala akulawa ndani?