Chaka Chimene Tinavundukula Mtondo

Ndinabwerera kwathu, kumtunda kwa Chezi, amuna anga atamwalira. Achimwene anandipatsa kanyumba kuseri kwa chigafa cha fodya, ndipo ndinayamba kudyera pamodzi ndi iwo ndi akazi awo, alamu anga, mayi wa ku Ntchisi amene anabwera pachitengwa ine ndikadali mtsikana. Ndinene poyambirira kuti ine zandale zinanditopetsa kalekale. Ndavotapo kambirimbiri, ndipo msewu wopita kwathu ukadali ndi maenje omwe aja, angokula pamodzi ndi ana athu.

Achimwene ndiye sizinawatopetse. Anali wapampando wa chipani cholamula m'dera lathu, udindo wopanda malipiro koma wodyetsa fumbi lokhalokha. Pulezidenti ankamutchula kuti "mwana wathu", ngati anamulera okha, chifukwa anali wa chigawo chathu chomwe chino. Akayamba kulankhula pa wailesi, nkhuku zinkapirikitsidwa kuti zisasokose. Kulankhula ankadziwadi munthu uja, sindingamunamizire. Mawu ake ankatsika bwino ngati thobwa lozizira, moti ukamamvera unkaiwala kuti m'nyumba mchere watha. Wina akadandaula za mitengo ya zinthu, achimwene ankangoti, "Chibale ndi fupa, sichiwola," nkhani n'kuthera pomwepo.

Alamu ndiwo ankatsogolera amayi ovina pamisonkhano. Ankamanga nsalu yachipani m'chiuno, ina kumutu, n'kuyambitsa nyimbo ndi mawu awo anthetemya. Achimwene akawaona ankatukumuka ngati nkhukundembo.

Pamunda wa achimwene panali banja limodzi la matenanti, anthu ochokera kumwera, kuja kwa tiyi. Ankalima fodya pamalo a achimwene, kulandira chimanga chodya pakati pa chaka, n'kudzagawana zotsala fodya akagulitsidwa. Bamboyo anali wamtali, wosalankhulalankhula. Mkazi wake ankaseka pang'ono, koma ntchito ankaigwira ngati ali pampikisano. Kwawo analibe malo olima, n'chifukwa chake anabwera kuno ndi ana awo ndi mapoto awo.

Chaka chachisankho chigayo cha pamsika wathu chinayamba kudumphitsa masiku. Dizilo kunalibe. Unkasenza chimanga m'mawa, n'kukapeza matumba atandandana pakhomo ngati odwala kuchipatala, mwini chigayo atakhala pa tayala akungoyang'ana kumsewu. Chigayo chamagetsi chinali kutali, kumsewu wa tala, ndipo anyamata a njinga zamoto nawonso ankangokhala pamthunzi, petulo alibe. Kenako chathu chija chinangotsekedwa.

Tsiku lina alamu anapita kuseri kwa nkhokwe n'kukavundukula mtondo wa malemu amayi athu, umene unasanduka mpando kwa zaka zambiri. Munsi wake unali utadyedwa ndi chiswe. Tenanti uja atamva, analowa m'tchire osauzidwa n'kutisemera misi iwiri. Kuyambira pamenepo tinkasinja atatu, alamu, ine ndi mkazi wa tenanti, mosinthana. Kukonola, kupeta, kuviika, kusinjanso, kusefa. Tonse tinali titaiwala kulemera kwa munsi. Ine msana unkandigonjetsa msanga, ndiye gawo lalikulu linkagwera awiriwo. Alamu manja anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, n'kutulukanso ena pamwamba pake.

Achimwene zonsezi sankaziona. Ankachoka m'mawa pa njinga kupita kumisonkhano, mpaka ku Mvera ankafika, n'kubwera dzuwa litapendeka. Ankasamba m'manja, kudya, n'kutiuza kuchuluka kwa anthu amene anabwera kudzavina.

Tsiku lovota ine sindinapite. Kuvotera wina kunkandivuta ngati kutukwana kwathu, ndipo kuvotera yemwe uja mtima unakana. Ndinatsikira kudambo kukathirira mpiru. Kumeneko ndinapeza tenanti ndi mkazi wake akuthirira nazale ya fodya, imene inali itangoyamba kubiriwira.

"Simunapite kokavota?" ndinawafunsa.

"Tinalembetsa kwathu, mayi," anayankha bamboyo. "Yokwerera ichokera kuti? Komanso nazale ikakhala tsiku limodzi yosamwa, yapita."

Tinakhala kudamboko mpaka dzuwa linafika pamutu. Alamu anapita kokavota m'mawa pamodzi ndi achimwene, n'kubwera chala chili ndi inki.

Zotsatira zitalengezedwa, achimwene anazimitsa wailesi n'kuilowetsa m'nyumba ngati yalakwa ndi iyo. Mwana wathu uja anali atagwa, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti ngakhale pasukulu yathu, pamene iwo analonjeza akuluakulu achipani kuti palibe voti idzathawe, ambiri sanabwere ndipo ena anavotera kwina. Anakhala masiku angapo akudya pang'ono. Kenako m'mawa wina anaitanitsa tenanti.

Bamboyo anabwera n'kunjuta pansi pa khonde, chipewa chili m'manja. Ine ndinali pomwepo ndikusenda nyemba. Alamu ankasinja pafupi ndi nkhokwe.

"Akulu," anatero achimwene, "ndakusungani, mwadya chimanga changa, ndiye mwandibaya kumsana. Anthu a kwanu ndinu mwatigwetsa. Mvula isanagwe mukhale mutachoka pamunda panga."

"Bwana, ife sitinavote," anatero tenanti, akuonetsa zala zake. "Nanga nthawi ino tipita kuti? Minda yonse anthu alowamo kale. Nazale ija tafesa ndife."

"Ngati simunavote inu, avota abale anu. N'chimodzimodzi."

Ndinalowererapo. Ndinati anthuwa ndinali nawo kudambo tsiku lonse, ndinawaona ndi maso anga. Achimwene sananditembenukire n'komwe.

"Achemwali, inu amene munakhala pakhomo, pakamwa panu pakhalenso pakhomo."

Ndinapsa mtima, koma ndinadziwa kuti kanyumba kanga kali pamalo awo, ndiye ndinameza. Ndinayang'ana tenanti uja ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri. Banja lochotsedwa mwezi umenewo limakhala chaka chonse likuyenda m'maganyu.

Munsi unasiya kulira. Alamu anabwera akudzipukuta ufa kumaso, n'kukhala pansi patsogolo pa amuna awo monga mwa ulemu wawo wa masiku onse.

"Bambo, asiyeni anthuwa. Voti imene mukuifunafunayo ili m'nyumba mwanu muno. Ndine."

Achimwene anaseka kaye, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope ya akazi awo, kusekako kunatha.

"Inu? Inu amene munkayambitsa nyimbo?"

"Kuvina ndinavina, chifukwa ndinu amuna anga ndipo sindikanakuchititsani manyazi pagulu. Koma movotera muja ndinalowamo ndekha. Ndiponso musaganize kuti m'gulu lovina lija ndine ndekha amene ndinavotera kwina."

"Mwagulitsa mwana wathu kwa alendo?"

"Mwana wathu akanakhala mwana, akanabwera n'kunena kuti amayi, zandivuta, pirirani. Ndikanapirira. Koma tsiku lililonse pa wailesi akuti zinthu zikuyenda, dziko likupita patsogolo, ine munsi uli m'manja. Njala ndikuidziwa, ndinakula nayo. Chimene chinandikwiyitsa n'kuuzidwa kuti ndakhuta. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo."

Atatero anatambasula manja awo onse awiri. Inki inali ikadali pachikhadabo, itayamba kusuluka. Zikhatho zinali zong'ambika, pena pouma, pena pofiira. Achimwene anaziyang'ana nthawi yaitali, ngati manja a munthu wachilendo.

"Nanga bwanji simunandiuze kuti zafika apa?"

"Chigayo chinatsekedwa kalekale," anayankha alamu, mawu ali pansi. "Inu mwakhala mukudya tsiku lililonse. Munkaganiza kuti ufawo ukuchokera kuti?"

Tenanti anali akadanjuta, maso pansi, wamanyazi kumva za m'banja la bwana wake. Patapita nthawi achimwene anatsokomola n'kumufunsa ngati nazale yamwa madzi m'mawawo. Iye anati sinamwe. Iwo anati, "Ndiye mukudikira chiyani? Dzuwa lakwera." Kupepesa kwa achimwene kumathera pamenepo, ndipo tenanti anakumva. Anavala chipewa n'kutsikira kudambo.

Anthu ophunzira amafotokoza za chisankho chija ndi mawu ataliatali, ndipo mwina akunena zoona. Ine ndimangodziwa kuti pakhomo pathu, pakhomo pa wapampando, pulezidenti anapeza voti imodzi, ya munthu amene sankagwira munsi. Za watsopanoyo musandifunse. Nayenso amalankhula, ndipo ine ndimamvera ndi khutu limodzi.

Chigayo chinadzatsegulidwa mvula itayamba. Tsiku limenelo achimwene anamanga thumba pa njinga yawo n'kupita nalo okha, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire. Pobwera anapeza mtondo uli pabwalo, ndipo anauza tenanti kuti augubuduzire kutali, ukhoza kuwazidwa nkhuni.

Alamu anakana. Anautsuka bwinobwino, n'kuuvundikira pafupi ndi khomo la khitchini, misi iwiri ija n'kuisomeka kudenga kumene chiswe sichifika.

"Usapite patali," anatero. "Tidzaufunanso."