Thanki Yomwe Inatsukidwa ndi Mwera

Ndikukumbukira kuti kuseri kwa nyumba yathu ku Nkopola kunali chisakasa, ndipo m'chisakasamo munali njinga yamoto ya bambo anga. Ndikati njinga ndikungoilemekeza. Chinali chitsulo chadzimbiri chomwe aliyense pakhomopo anachipezera ntchito yake. Amayi ankayanika nsanza pa mahandulo, malume ankakolekapo ukonde wong'ambika, abakha ankagona pansi pake. Matayala anali ataphwa kalekale mpaka kuchita ming'alu ngati zidendene za msodzi. Ukayandikira unkamva fungo la oyilo wakale losakanikirana ndi la usipa. Inasiya kuyenda ine ndisanabadwe, choncho sindinkakhulupirira n'komwe kuti inayendapo.

Bambo anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa, munthu wofatsa mpaka kukupsetsa mtima. Kwawo kunali ku Makanjira, tsidya lina la nyanja. Kuno anabwera pa njinga yomweyo kudzakwatira amayi, nakhala pachikamwini. Malo anali a kwa amayi, mitengo ya mango inali ya kwa amayi, ngakhale ineyo, kunena mosabisa, ndinali wa kwa amayi. Mwini mbumba anali malume, a Filipo, mlongo wa amayi, msodzi wa ukonde wa chilimila wosatha kutseka pakamwa. Za bambo zenizeni pamudzipo zinali bokosi la zida ndi chitsulocho basi.

Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 5, munthu wina wogula nsomba anabwera ndi uthenga wochokera ku Makanjira. Agogo aamuna, obereka bambo, maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Ankafuna aone mdzukulu yemwe anatenga dzina lawo, Matiyasi, maso asanatsekeretu. Matiyasiyo ndi ine, ndipo chibadwire changa anali asanandionepo.

Malume anakana. Pa boti ayi, chifukwa inali nyengo ya mwera, ndipo banja lathu linali litataya kale munthu m'madzi omwewo. Pa lole ayi, chifukwa malole a njira imeneyo ankakweza anthu pamwamba pa matumba ndipo ankatha kugona m'tchire. Bambo sanatsutse. Anangotembenuka n'kuyang'ana ku chisakasa kuja. Malume atawaona anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, musandiphe ndi phwete," anatero. "Chimenecho chikadzalira, mudzam'tenge mwanayo. Ndanena pamaso pa mlongo wangayu."

M'mawa mwake bambo anathamangitsa abakha, nayala mphasa yakutha pansi pa mango. Tsiku lililonse akaweruka ku maboti ankamasula kachitsulo kamodzi, kukatsuka m'beseni la palafini, n'kukaika pamphasapo motsatana ndi anzake. Timabowo ta kabuleta ankatitokosa ndi ulusi wa mbedza. Tcheni anachiviika mu oyilo wakuda yemwe anakapempha ku chigayo. Pulagi anakaipeza kwa mnzawo wokonza injini za maboti ku boma. Chishalo chinali chitadyedwa ndi makoswe, ndiye anasema china kuchokera ku chidutswa cha mlombwa, n'kuchikuta ndi siponji ndi chubu chakale. Sankafulumira. Ine mtima unkauluka poganiza kuti uko agogo maso akutha, koma iwo ankapukuta sipoko imodzi ngati tili ndi chaka chonse.

Ine anandipatsa thanki. Mkati mwake munali dzimbiri lochita makoko, ndipo anandiuza kuti kachidutswa kamodzi kokha kakalowa mu kabuleta, tidzatsala panjira. Njira yake inali yoti ndithiremo tinsangalabwi ta kudooko ndi palafini pang'ono, nditseke, kenako ndikhutchumule mpaka timiyalato tipale dzimbirilo. Ndinkakhutchumula ndikaweruka kusukulu, anzanga akumenya mpira wa chikulunga kuseri kwa tchalitchi. Ndikakhuthula, palafini ankatuluka wofiirira ngati thobwa. Ndikathira wina, chimodzimodzi. Mikono inkawawa moti choko ndinkalephera kuchikweza pa bolodi. Bambo ankangosuzumiramo, n'kugwedeza mutu, n'kundibwezera.

Amene amandidziwa lero akudziwa kuti mtima wanga suchedwa kuyaka. Sunayambe dzulo. Tsiku lina masana, nditakhuthula thobwa lomwe lija kwa nthawi yosawerengeka, ndinasenza thankiyo miyala ili momwemo, n'kulunjika kudooko. Malume anali pamenepo ndi anyamata awo, akusoka ukonde pafupi ndi boti. Ndinaiponya m'botimo mwaukali.

"Munati n'chitsulo chachabe," ndinatero misozi ili chuchuchu. "Kachitayeni pakati pa nyanja, zithe."

Anyamata aja anasiya kusoka, kudikira kuti mbama ilire. Koma nthawi yomweyo funde linakankha boti, thanki inagubuduka, miyala ija inalira yokha mkatimo, khotcho khotcho. Funde lina, khotcho khotcho. Malume anapendeketsa mutu n'kumvetsera kwa kanthawi. Kenako anatenga chingwe, n'kuimangirira kutsogolo kwa boti komwe kumadumpha kwambiri, namanga chitsekerero chake ndi mphira.

"Iwe ndi bambo ako mitu yanu ndi imodzi," anatero. "Mwera ukuwomba ulele, inu muli kalikiliki kuthyola mikono. Pita kunyumba, ukasambe kumaso."

Kuyambira tsiku limenelo thanki inkapita kokoka usipa limodzi ndi asodzi. M'mawa uliwonse boti likakocheza ndinkathamangira kudooko kukakhuthula palafini wakale ndi kuthira watsopano. Anyamata aja ankadandaula kuti phokosolo likuthamangitsa nsomba. Malume ankawayankha kuti nsomba zikuthawa ulesi wawo. Palafini anayamba kutuluka ngati tiyi wopanda mkaka, kenako ngati madzi a m'chithaphwi, mpaka tsiku lina anatuluka mbee. Bambo anasuzumiramo padzuwa, ndipo ulendo uno sanandibwezere. Kwa malume anangoti, "Zikomo alamu." Malume anayankha kuti iwo sanachite kanthu, zikomoyo akaipereke ku mphepo.

Tsiku loliza njinga, mudzi wonse unasonkhana ngati pali ukwati. Bambo anaponda kiki mpaka malaya ananyowa, njinga ili duu. Ndiye anati tiikankhe. Tinaikankha pa kamtsetse kopita ku msewu, ine ndi anzanga a kusukulu, koma mchenga unkatigwira miyendo. Ndinangomva mpweya wa munthu wamkulu kumbuyo kwanga. Anali malume, atapinda buluku, akukankha uku akutukwana chitsulocho ndi makolo ake omwe. Njinga inatsokomola, inatulutsa utsi wabuluu wonunkha, kenako inabangula. Abakha anabalalika. Malume anagwa chafufumimba mumchenga, nadzuka akulavula.

"Mawu ndinanena, sindibweza," anatero akudzisasa. "Koma mwanayo mum'mange."

Amayi anandimangadi kumsana kwa bambo ndi chitenje, ngati khanda, anzanga akuonerera. Manyazi amenewo sindinawaiwale. Tinanyamuka sukulu itangotsekera, mvula isanadule msewu. Tinawoloka mlatho wa pa Shire ku boma, tinadutsa Malindi, kenako njira inasanduka mchenga ndi miyala. M'mitsinje youma tinkatsika n'kukankha. Matako anachita dzanzi pa mlombwa uja, fumbi linadzaza m'mano, koma injini sinatsamwe ngakhale kamodzi. Ndinkamva kulira kwake kudzera mumsana wa bambo, ndipo kwinaku ndinkawamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi, chinthu chomwe kunyumba sankachita.

Agogo tinawapeza ataima kale panja, atagwira mzati wa khonde. Akuti anaizindikira njingayo ndi kulira kwake ili kutali. Anali aatali, owonda, maso otuwa ngati mkaka wothira madzi. Sanataye nthawi ndi malonje. Anandigwira dzanja n'kundikokera pabwalo pomwe dzuwa linkawala kwambiri, nayandikitsa nkhope yawo pa yanga mpaka ndinamva fungo la fodya. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lakumanzere, lomwe linali likuonabe pang'ono. Ine ndinali nditakwinya nkhope chifukwa cha dzuwa ndi ludzu.

"Mphunoyi ndi yathu," anatero. "Makutu ndi athu. Koma tsinyali si lathu, ili ndi la kwa amake."

Bambo anaseka mpaka kukhala pansi. Titabwerera anakafotokozera malume mawu amenewo, ndipo malume anawalandira ngati mphatso. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, maso a agogo anatsekeratu. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo aliyense wochokera ku Makanjira ankatiuza kuti amakonda kunena kuti Matiyasi wamng'ono anamuona ndi maso awo.

Masiku ano njinga zamoto zadzaza pa boma ngati ntchentche pa thandala la nsomba. Anyamata a kabaza amandidula kutsogolo tsiku ndi tsiku, ndipo ndimawakalipira mpaka anthu kutembenuka. Thanki ikachita dzimbiri saitsuka, amangogula ina pamsika. Mdzukulu ukamufuna amakuonetsa pa foni. Sindikunena kuti n'zoipa, bambo akanakhala ndi zimenezi sakanatha miyezi pamphasa. Koma agogo sakanandinunkhitsa fodya wawo, ndipo malume sakanadya mchenga chifukwa cha mkamwini. Onse atatu anapita. Njinga ija ili kuseri kwa nyumba yanga, inasiyanso kuyenda, ndipo mkazi wanga wayamba kuyanikapo nsanza. Mwezi watha ndinatsegula thanki n'kusuzumiramo. Dzimbiri labwerera. Mwana wa malume ali ndi boti, ndipo mwera wayandikira.