Gule Pansi, Chimanga M'mwamba

Galafu yoyamba imene ndinajambula ndi mtima wonse inandikumbitsa dzenje. Ndinali mu Fomu 2, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chitakale.

Aphunzitsi athu a masamu, bambo wamfupi wa jekete lotuwa ndi choko, anali ndi lamulo limodzi la galafu. Chimene chimayambitsa chimakhala pa mzere wogona, wa pansi. Chimene chimatsatira chimakwera pa mzere woima. "Mvula pansi, tiyi m'mwamba," ankatero akuloza minda ya esiteti pawindo. "Tiyi sagwetsa mvula."

Chaka chimenecho aphunzitsi a zaulimi anagawa munda wa sukulu, gulu lililonse ndime yake, atsikana paokha, anyamata paokha. Mbewu inali imodzi, feteleza wofanana, ndipo tonse tinabzala tsiku limodzi. Koma nthawi yopalira itakwana, amayi ovala nsalu za chipani anayamba kubwera ndi lole kudzatenga atsikana kuti tikakonzekere gule, poti mtsogoleri wa dziko amabwera kudzayendera mbewu. Ife odziwa kuvina tinkatengedwa pafupipafupi, anzathu ena mwa apo ndi apo. Anyamata anangopitako kukamanga nsanja basi. Kukana kunalibe. Ndipo ndi mvula ya ku Mulanje udzu sudikira munthu. Pomwe gule amatha, chimanga chathu chinali chitamira m'nsongole, masamba ali chikasu.

Titakolola tinayeza pa sikelo yopachika mumtengo wa mango. Gulu lathu linali lomaliza. Aphunzitsi a zaulimi analengeza pa asembule kuti atsikana ndife aulesi, anyamata n'kuwomba m'manja.

Sabata yomweyo a masamu anatipatsa ntchito: aliyense apeze zinthu ziwiri zogwirizana, ajambule galafu. Anzanga anasankha msinkhu ndi zaka. Ine ndinafunsa gulu lililonse masiku amene linapita kugule, ndi kulemera kwa chimanga chake. Masiku a gule ndinawaika pansi, chimanga m'mwamba. Madontho anatsetsereka kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati njira yotsika m'phiri. Aphunzitsi anaichonga n'kuimata pakhoma la kalasi pamodzi ndi zina.

Sinakhalitse pakhomapo. Ahedi anandiitanitsa ku ofesi, galafu ili patebulo, chitseko n'kutseka okha.

"Iwe mtsikana, ukunena kuti gule wa chipani wapha chimanga?"

"Ine sindinanene, Sala. Ndi madonthowo."

"Madontho ali ndi pakamwa? Ukudziwa kuti pepala ili litafika kwa atcheya a chipani tonse tikhoza kukwera galimoto yosabwerera?"

Thukuta linali litawanyowetsa kolala. Sanali munthu woipa, anali wamantha, ndipo mantha anawapatsa nzeru. Anati ndijambulenso manambala omwewo, koma chimanga chikhale pansi, gule m'mwamba. Potero zidzaoneka kuti amene chimanga chawo chinakanika ndiwo ankathawira kugule. Ulesi wathu ukhale woyambitsa.

"Chimanga sichinabwere ndi lole, Sala," ndinatero.

"Ndiye mayeso a JC sulemba. Kathyole tiyi ndi amayi ako."

Mayesowo anali atayandikira. Mayi anga ankadzuka kusanache, dengu kumsana, kuti ine ndikhale mu yunifomu imeneyo. Koma rula ndi pensulo zimene anandikankhira sindinazigwire.

Anatuma munthu kukaitana aphunzitsi a masamu. Iwo analowa, n'kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali ngati akuliona koyamba.

"Muuzeni mwana wanuyu atembenuze," anatero ahedi.

"Ahedi, za gule ine sindizidziwa," anayankha motsitsa mawu. "Koma akatembenuza, ndimulakwitsa. Akakatero pa mayeso, kumeneko akamulakwitsanso. Nanga m'kalasi ndikaphunzitse ziti, bwana?"

Ahedi anatola pepalalo patebulo. Kenako anang'amba galafuyo pakati, n'kuphatikiza, n'kung'ambanso.

"Palibe galafu, palibe mlandu. Koma mwano ulipo. Ukumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini, lokufika m'khosi."

Dothi la kumeneko ndi katondo, khasu limangodumpha. Manja anatuluka matuza tsiku loyamba lomwe. Anyamata ankadutsa n'kumafuula kuti, "Apulofesa, dzenjelo lili pa mzere wogona kapena woima?" Ndinkawayankha kuti abwere ndiwayeze nalo. Atsikana a gulu langa anabwera ndi makasu awo popanda wowatuma, ndipo tinakumba motsatira kayimbidwe ka nyimbo ya gule uja, mokweza, pafupi ndi windo la ofesi. Panalibe amene akanatiletsa nyimbo imeneyo.

Zinyalala zoyamba kugwera m'dzenjemo zinali za mu ofesi ya ahedi. Ndinaona tizidutswa ta pepala la timabokosi, kena kakuonetsabe mawu anga akuti "masiku a gule". Malikisi a zaulimi sanasinthe, ndipo palibe anatipepesa pa asembule. Koma mayeso a JC ndinalemba, pa desiki ya kutsogolo, ahedi akuyendayenda kumbuyo kwanga.