Patani Yomaliza ya aRula

Pafakitale pathu posungunula zitsulo panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Tonse tinkangoti aRula, chifukwa cha rula yachikasu imene inkasuzumira m'thumba la ovololo yawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ngakhale akazi awo, akabwera pageti ndi mankhwala amene bambowo aiwala, ankauza mlonda kuti awaitanire aRula.

Ntchito yawo inali yosema mapatani. Munthu akafuna gudumu lachitsulo kapena chivundikiro cha ngalande, aRula ankayamba apanga chinthucho ndi mtengo. Ine ndimatenga patani yamtengoyo, n'kuiika m'bokosi, n'kutsendera mchenga wonyowa mozungulira, kenako n'kuizula mosamala. Dzenje lotsala mumchengamo ndi limene timathiramo chitsulo chosungunuka. Ndinatsendera mchenga pa mapatani awo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndisaname, munthu wovuta ngati ameneyu sindinagwirepo naye ntchito. Moni wam'mawa ankayankha ndi mphuno, ndipo ukaika kapu ya tiyi pabenchi pawo unkamva mbiri ya makolo ako. Koma patani yawo sinandikanirirepo mumchenga ngakhale tsiku limodzi.

Rula yachikasuyo sinali rula wamba. Chitsulo chikamazizira chimachepako, gawo limodzi pa magawo zana. Choncho mizere ya rula ya osema mapatani imakhala yotalikiranako pang'ono, kuti patani ituluke yokulirapo, chitsulo chikachepa chifike pa muyezo woyenera. ARula analowa pafakitalepo ndevu zisanamere, ndipo mmisiri amene anawaphunzitsa sanawauze zimenezi. Anangowaleka aseme magudumu asanu ndi rula ya kusitolo, onse n'kutuluka ochepa, kenako anawaponyera rula yachikasuyo pabenchi osanena kanthu. Kuyambira pamenepo aRula ankakhulupirira kuti luso sapatsana pakamwa, wolifuna alipeze ndi manyazi ake. Ine ndinadziwa chinsinsi cha rulayo patatha zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinachita kuchiba ndi maso.

Zaka zinapita, ana awo anakula n'kubalalika, sowo yamagetsi inawagonthetsa khutu lakumanzere. Kenako mwini fakitale anamwalira, mwana wake n'kukhala abwana. Chaka chisanathe anagula makina osema okha mapatani, otsatira chithunzi cha pakompyuta, ndipo analemba ntchito mayi wina wamagalasi, wolankhula motsitsa, amene tinkamutchula kuti aInjiniya. Abwana anaitana aRula n'kuwauza mosapita m'mbali kuti chipinda chawo chosemera matabwa chisanduka mosungira katundu. Anawapatsa miyezi itatu yoti aphunzire kujambula pakompyuta. Akatha, akhala. Akalephera, apume. Mayeso ake anali oda ya zivundikiro za ngalande makumi anayi, popeza patani yake yakale inali itang'aluka pakati.

ARula anatuluka muofesimo nkhope ili gwa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi. Anandiuza kuti kunyumba sangakhaleko, akafa ndi kuyang'ana khoma.

Maphunziro ankachitika masana m'kachipinda kam'mwamba, kotentha, ka zenera limodzi losatseguka. Ophunzira anali atatu: aRula, mkulu wa pamakina osalaza zitsulo, ndi mayi wa kuofesi. Ndikakwera kukawafunsa za ntchito ndinkaima kaye pakhomo, ndipo zimene ndinkaona zinkandiseketsa n'kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Dzanja limene linkasema mano a gudumu osaphonya linkagwira mausi ya kompyuta ngati likufuna kuipha. Akati ajambule mzere, mzere unkathawira kukona. Akati atembenuze chinthu kuti achione kunsi, chinkazungulira mpaka kusowa pasikirini, iwo n'kutsala akuyang'ana poyera.

AInjiniya anali woleza mtima. Ankawauza kuti ayambe ajambula chozungulira chafulati, alembe muyezo wake, kenako achikoke kuti chikhale ndi thupi, akatero aboole mabowo ndi kusalaza makona. ARula ankati zimenezo n'zam'mbuyo. Munthu amayamba ndi chipika n'kumachotsa chosafunika, osati kuyamba ndi mphepo n'kumainenepetsa. Mizere ikapanda kukumana bwino kompyuta inkakana kukoka, iwo n'kumakangana nayo ngati munthu. Batani lobweza m'mbuyo ukalakwitsa ankati ndi lolera ulesi, poti mtengo ukaudula wadula. Koma ndi iwo amene ankalidina kuposa onse. Ndipo akasalaza kona, chala chawo chachikulu chinkapita chokha pagalasi kuti chikamve ngati yasalaladi. Madzulo alionse aInjiniya ankapukuta zidindo za chalacho osadandaula.

Tsiku loyamba lenilenilo, aInjiniya ananena chinthu chimodzi chofunika. Anati aliyense azijambula chinthu pa muyezo umene chidzakhale chikatha, za kuchepa kwa chitsulo aziwonjezera ndi iwo aInjiniyawo potumiza chithunzi kumakina. Mkulu wa pamakina osalaza anamva, mayi wa kuofesi anamva mpaka kulemba m'kabuku. ARula anali atakhala mopereka khutu logontha, akulimbana ndi mausi. Izi ndinadzazimva mochedwa, madzi atatayika kale.

Mwezi wachiwiri zinthu zinayamba kuyenda. ARula ankabwera anthu asanafike, nthawi ya chakudya osatsika. Chivundikiro chinayamba kuoneka pasikirini, poyamba ngati mbale, kenako ndi nthiti zake kunsi, ndi timabowo tolowetsa ngowe. Mbali zonse anazipendeketsa pang'ono kuti patani izituluka mumchenga osagumula, ndipo pamene nthiti zikumana anakhuthalitsa momwe chitsulo chimafunira kuti chisang'aluke. Zimenezi palibe anawaphunzitsa m'kachipindamo. AInjiniya anaima kumbuyo kwawo nthawi yaitali, kenako anati sanaonepo wophunzira woganizira mchenga asanauone. Tsiku limenelo aRula anandiyankha moni ndi pakamwa.

Sabata yomaliza anandikokera kuseri kwa ng'anjo, maso akuwala ngati mwana woti wabisa shuga m'thumba.

"Mphwanga, pepala likuti mamilimita sikisi handiredi. Ine ndalemba sikisi handiredi ndi sikisi. Paliponse ndawonjezera, ngati mmene rula yanga ikanachitira."

Ndinawafunsa ngati awauza aInjiniya.

"Ndiwauzirenji? Galasi la kompyuta lija linaonapo chitsulo chikuzizira? Aone okha tsiku loyeza, zikakakhala ndendende. Pamenepo abwana adzafunsa kuti zatheka bwanji."

Ndinamvetsa chimene ankafuna. Sankafuna kungopambana mayeso ngati mwana wasukulu. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokha aime pabwalo, anthu onse akuona, n'kunena kuti pali china chimene nkhalamba ikudziwa chomwe makina sadziwa. Ndinaseka nawo, ndinawagwira ndi chanza. Kuseka kumeneko kumandiwawabe mpaka lero.

Patani inatuluka kumakina yosalala ngati sopo. Pathabwa langa loumbira panali mzere wozungulira, chipsera chosiyidwa ndi patani yakale ija pa zaka zonse zimene ndinkaigoneka pamenepo. Nditaika yatsopano, inauphimba mzerewo. Inali yaikulu kuposa yakaleyo. Yakaleyo inalinso ya aRula, yowonjezeredwa kale, ndiye zimayenera kufanana. Koma kapitawo anali pamsana panga ndi wotchi yake, ndipo ndinadziuza kuti mwina yakaleyo inaperepeseka m'mbali. Tepi yoyezera inali pamsomali, mkono umodzi kuchokera pomwe ndinaima. Sindinaitenge. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula limeneli anadya ndi wina.

Tinathira masiku asanu ndi anayi. Zivundikiro zinatuluka zokongola, zopanda chibowo ngakhale chimodzi, lole n'kuzitenga. Patapita masiku atatu lole yomweyo inalowa pageti chobwerera m'mbuyo, zonse makumi anayi zili momwemo. Dalaivala anati mafelemu olowetsamo zivundikirozo anamangidwa kale m'simenti mumsewu, ndipo palibe chivundikiro chimene chalowa. Chilichonse chinkangokhala pamwamba ngati chipewa cha mwana pamutu pa bambo.

Tsiku limene aRula ankaliyembekezera linafika, ndipo anaimadi pabwalo anthu onse akuona. AInjiniya anagwada, anayeza chimodzi, anayeza china, n'kupukuta magalasi. Anafunsa aRula motsitsa kuti analemba muyezo wanji.

"Ndinawonjezera za kuchepa kwa chitsulo, mayi."

"Inenso ndinawonjezera, bambo. Ndimawonjezera pa chilichonse. Ndinanena tsiku loyamba."

ARula anatembenuza mutu kuti apereke khutu labwino, aInjiniya n'kubwereza mawu omwewo. Panalibe anaseka, ngakhale anyamata a pang'anjo amene amaseka maliro. Abwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotembenukira kwa ine n'kufunsa ngati sindinaone chachilendo poumba. Ndinayankha kuti ine ndimaona mchenga basi. ARula anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Sananene kuti ndinkadziwa, ndipo sanadzanenepo.

AInjiniya anawapepesera kwambiri muofesi. Anati nawonso analakwa posayang'ana manambala asanatumize, ndipo anati munthu wotere sapezeka pamsewu. Abwana anati kulakwitsa aliyense amalakwitsa, koma munthu wobisa zimene akuchita sangamuike pakompyuta imene fakitale yonse ikudalira. Mwezi utatha aRula anakulunga matchizulo awo osemera m'chiguduli. Benchi lija analitulutsa anthu anayi, ndipo m'chipindamo munalowa matumba a makala. Ine ndinakabisala kumchenga kuti ndisatsanzikane nawo, chifukwa cha manyazi.

Zivundikiro zija tinaziphwanya n'kuzibwezera m'ng'anjo. AInjiniya anatsegula fayilo ya chithunzi cha aRula, sanasinthe kalikonse, anangoitumiza kumakina osawonjezeranso. Patani ina inatuluka tsiku lomwelo, ndipo zivundikiro zachiwiri zinakakhala m'mafelemu ngati zinabadwira momwemo. Maoda ena anabwera. Mpaka pano timaumbira fayilo yomweyo, ndipo pakompyutapo inalembedwa dzina loti Rula.

Panatha miyezi isanu ndi umodzi ndisanalimbe mtima kukawaona. Ndinapita Lamlungu masana. Akazi awo anandilandira pakhomo n'kundinong'oneza kuti bambowo amadzukabe m'mamawa, kuvala ovololo, kenako n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kuwapeza. Ndinawapeza pomwepo, akumata mwendo wa mpando wa aneba. Anali ataonda, ndipo kolala ya ovololoyo inkawalendewera. Rula yachikasu inali m'thumba.

Tinakamba za mvula ndi za mawondo. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma nditayamba anakweza dzanja kuti ndisiye. Chimene ankafuna kudziwa n'choti zivundikiro zobwezedwa zija zinakula ndi mamilimita angati. Ndinati sikisi. Anafunsa ngati zonse, makumi anayi, popanda chosiyana. Ndinati zonse. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, mokhutira, ngati munthu woti amuuza kuti mwana wake wakhoza.

Kenako anafunsa kuti masiku ano zivundikiro tikuumbira chiyani. Ndinawauza zoona zake, kuti ndi chithunzi chawo chomwe chija, nthiti zake, makona ake, ndi dzina lawo pamwamba. Ndinawauza kuti patani yake imatuluka mumchenga yokha ngati ikudziwa njira. Nkhope yawo inawala mmene ndinaionera kuseri kwa ng'anjo kuja. Anaika mpando pambali, anasasa utuchi pamaondo, n'kukhala tsonga.

"Ndiye pofika pano yayamba kutha m'mbali. Patani ya zivundikiro siipirira miyezi sikisi osaikonza. Akuikonza ndani?"

Ndinadziwa chimene akufunsa. Zaka zonse zija mapatani awo ankabwerera kubenchi kwawo, ena atabenthuka, ena atafufuma ndi chinyezi, ndipo ankawalandira akung'ung'udza ngati ana obwera ndi zovala zong'ambika. Ndikanatha kunama, koma ndinali nditanama kale kokwanira.

"Ikatha timangotaya, akulu. Makina amasema ina, tsiku limodzi."

"Nanga chithunzicho?"

"Chimenecho sichitha."

Anayang'ana kumsewu. Dzanja lawo linapita pathumba, linakhudza rula, n'kubwerera pabondo. Akazi awo anatulukira ndi madzi akumwa, anationa, n'kubwerera nawo m'nyumba. Kenako aRula anakokanso mpando wa aneba uja, anautembenuza miyendo m'mwamba, n'kuyamba kufufuza botolo la guluu pansi pa benchi limene anakhalapo.

"Ndiye kuti ndinachipanga bwino," anatero, osandiyang'ana.