Dongo la galimoto linagwa pansi, ine n'kulitola

Inu owerenga, makamaka inu amene mumadyera ntchito za manja ngati ine, ndikufuna ndikuuzeni momwe ndinakalira galimoto ya mwini ndi manja angawa, tsiku loti mawa lake inyamula mkwatibwi. Sindinachite mwadala, komanso sindinganame kuti sanandichenjeze.

Ine ndi amuna anga, bambo a Tiwonge, timatsuka magalimoto pa Mzimba boma, kuseri kwa magolosale. Ntchitoyi anaiphunzira ku Joni, komwe anakhalitsa ine ndili kwa apongozi ku Edingeni. Tiwonge anabadwa iwo kulibe, anayamba kumuonera pa foni. Atabwera anandiuza mosabisa kuti ayesa kuno, koma zikakanika mbwenu, basi, abwerera ku Joni. Chikwama chawo cha paulendo chinali pamwamba pa kabati, ndipo ine ndinkachiyang'ana m'mawa uliwonse.

Chomwe chinkatisiyanitsa ndi otsuka ena chinali dongo. Si dongo la kudambo ayi, ndi logula, labuluu, lofewa ngati chingamu, ndipo anabwera nalo kuchokera ku Joni konko. Galimoto ukaitsuka ndi sopo imaoneka yoyera, koma ukayendetsa chikhatho pa penti umamva kukhakhala. Umenewo ndi utomoni, phula la pamsewu ndi fumbi lokakamira. Ukapaka polishi pamwamba pa zimenezo ndiye kuti wangozitsekera mkati. Choncho umayamba wapopera madzi a sopo, dongo lija n'kulipanga ngati chitumbuwa, n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono osakanikiza. Likada umalipinda kuti mbali yoyera ibwere kunja. Penti ikasalala ngati galasi, m'pamene umapaka polishi.

Lamulo la bambo a Tiwonge linali lakuti dongo likangogwa pansi, litayidwe. Pakamwa ndinkavomera, koma mumtima ndinkati ndi matama a ku Joni. Mayi anga amaumba miphika ku Engutwini, ndipo ndinakula ndikuona dongo likugwa, iwo n'kulitola, kuchotsa timiyala ndi zala, n'kupitiriza kuumba. Kwathu dongo sataya chifukwa choti lagwa pansi, poti pansi pomwepo ndi pomwe lachokera.

Lachisanu lina kunabwera mayi Chimwaza, namwino wochokera ku Dedza amene akugwira ntchito kuno. Galimoto yawo ndi yakuda, yosiya malemu amuna awo, omwe ankachita malonda a matabwa ku Luwawa. Inali itaima nthawi yaitali pansi pa mitengo ya paini, moti denga ndi boneti zinali madontho a utomoni okhaokha. Anatiuza kuti mwana wawo wamkazi akukwatiwa Loweruka, ndipo wakana magalimoto onse amene anthu amafuna kubwereketsa, akufuna kukwera ya bambo ake. Anatisiyira kiyi n'kupita ku ntchito.

Tinaitsuka bwinobwino, amuna anga n'kumaliza denga. Kenako mpopi unauma, monga mudziwa madzi a pa boma pano, ndiye anatenga njinga ndi zigubu kupita ku mjigo. Anandisiyira dongo kuti ndipitirize boneti, ndipo linali lomaliza.

Tiwonge ndinali nditamubereka kumbuyo. Ataona chinthu chabuluu anatulutsa kadzanja kudzera m'khwapa mwanga, ine pomuzemba dongo linaterereka n'kugwera pa mchenga. Ndinaima ndikuliyang'ana. Ndinaganiza zoti m'masitolo a kuno mulibe, zoti lina mpaka wina adzabwere nalo pa basi, zoti boneti ikadali theka. Ndinalitola, ndinalitsuka m'chidebe, ndinachotsa timchenga tonse tooneka ngati momwe amachitira mayi anga, n'kulipinda. Linaoneka loyera ndithu.

Abale, pa penti yonyowa suona kanthu. Ndinamaliza boneti ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Nditapukuta ndi nsalu, dzuwa n'kuwomba, ndinaona timizere toyera ngati padutsa mphaka ndi zikhadabo, ndi mzere umodzi wautali woti ukadutsapo chala, chikhadabo chimakodwa.

Bambo a Tiwonge atafika sanakalipe, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anakhala pa chigubu n'kundifunsa ngati linagwa. Ndinavomera. Anangoti pa boma pano nkhani siigona, ndipo galimoto ya ukwati imaonedwa ndi aliyense, ndani adzabweretsanso yake. Ine m'maso mwanga munabwera chikwama chija. Kenako anadzuka, anatenga polishi wochotsera mizere, n'kuyamba kutikita ndi manja masana onse, ine ndikuwasinthira nsalu. Timizere tating'ono tinazimirira. Wautali uja unakana.

Ndisabise, maganizo anandibwerera oti tiunjike polishi pamenepo tikhale chete, udzaonekere ukwati utadutsa. Koma ndinali nditabisa kale mchenga m'dongo tsiku lomwelo, ndipo zotsatira zake zinali pamaso panga. Ndinapempha amuna anga kuti mwini akabwera ndinene ndekha.

Mayi Chimwaza anafika chakumadzulo akadali mu yunifolomu. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse, Chichewa changa chikusakanikirana ndi Chitumbuka chifukwa cha mantha. Anayendetsa chala pa mzere uja. Kenako anandiitanira ku chitseko cha dalaivala n'kundionetsa mzere wina wakale. Anati umenewo anakala ndi amuna awo ndi thabwa, ndipo anawakwiyira masiku ambiri, koma lero ndi pomwe amagwira akamalowa m'galimoto.

"Dzukani mwana wanga, mukulemetsa mwana kumbuyoko," anatero. "Riboni ya mkwatibwi idutsa pomwepa. Koma musadzatolenso."

Ndinangoti yewo chomene amama, kuthokoza kwa kwathu, n'kudzuka.

Loweruka galimoto inadutsa pa msewu ikuimba hutala, ikunyezimira, riboni yoyera itagona ndendende pa mzere wanga. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, atikhululukira koma sadzabweranso. Sabata yotsatira anabwera nayo ili matope, kumbuyo kwawo kuli galimoto ya namwino mnzawo. Anauza amuna anga kuti dongo lina likafika, boneti yawo azigwira ndine, poti munthu amene anakalapo kamodzi ndi amene amasamala.

Inu owerenga, wokuphunzitsani ntchito akakuuzani kuti ichi ayi, musamayese ndi nzeru za kwanu, ngakhale nzeruzo zili zabwino kumene zinachokera. Funsani chifukwa chake. Ine ndikanafunsa, akanandiuza kuti kamchenga kamodzi kosaoneka ndi maso kamalowa m'dongo n'kumakala penti ngati singano. Ndipo mukalakwitsa pa katundu wa mwini, nenani asanaone yekha. Si onse ali ndi mtima wa mayi Chimwaza, koma ndikanabisa sindikanadziwa n'komwe kuti mtima wotere ulipo.

Masiku ano dongo timalidula tizidutswa kuti kena kakagwa tisadandaule, pansi timayala pulasitiki, ndipo Tiwonge ndimamutsitsa kaye. Chikwama chija chinatsika pa kabati, muli nsalu zopukutira magalimoto. Dongo lakugwa lija sindinalitaye ndithu, ndine mwana wa woumba. Ndinaumba kang'ombe, ndipo kamakhala pamwamba pa kabati, pomwe pankakhala chikwama.