Malo Apadera Kuseri kwa Khitchini

Nditamaliza maphunziro a utolankhani ndinabwerera kwathu ku Mangochi ndi setifiketi, koma ntchito kunalibe. Akonzi a nyuzipepala ankangoti ndizitumiza nkhani, tidzaonana. Nkhani ina imene ndinkasaka inandifikitsa kwa Mayi Chirwa, namwino wa ku Rumphi amene anapumira ntchito kuno n'kuyambitsa kabungwe kotengera odwala ndi mabanja awo kokapitidwa mphepo kunyanja. Tili mkati mocheza anandimva ndikuyankha foni m'Chiyao, chilankhulo chimene ankachisowa pa ntchito yawoyo. Anadula mafunso anga n'kufunsa lawo: kodi ndingayambe ntchito kwa iwo Lolemba? Nkhani ija sindinailembenso.

Anthu athu anali amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika: ana ndi akulu olandira mankhwala a khansa, odwala impso, ndi ena otero. Chimfine chimene inu mumapita nacho kuntchito, iwo chimawagoneka m'chipatala. Ambiri ankangodziwa njira ziwiri, ya kuchipatala ndi yobwerera kunyumba.

Malamulo a ntchitoyi anali ouma. Kutatsala tsiku limodzi ndinkaimbira banja lililonse kufunsa ngati pakhomopo pali wotsokomola kapena wotsegula m'mimba. Akapezeka, banjalo linkadikira ulendo wina. Pakhomo pa minibasi ndinkayeza aliyense kutentha kwa thupi, dalaivala yemwe. Pampando wa anthu anayi tinkakhazikapo awiri, mawindo otsegula, aliyense ndi masiki. Kumbuyo tinkapakira ndowa za mpopi, sopo, madzi othira klorini, maambulera, njinga ya olumala ndi matabwa oyala pamchenga kuti matayala ake asatitimire. Beseni limodzi losambamo onse m'manja linali loletsedwa, ngakhale achikulire ankati tikuwaphwanyira ulemu. Kusambira nakonso ayi, chifukwa cha likodzo. Ndipo sitinkapita pamalo amene sitinawayendere tokha: chimbudzi, khitchini, mthunzi, kumene mphepo ikuchokera.

Pa ulendo umene ndikunenawu panali Asiyatu, mtsikana wa ku Katuli amene madokotala anamupumitsako mankhwala a khansa asanayambe gawo lina. Anabadwira m'boma la Mangochi lomweli, koma m'mphepete mwa nyanja anali asanaimemo. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a Shire, owaonera pamlatho popita kuchipatala. Mayi ake, Abiti Juma, anamubweretsa dzulo lake pa njinga yamoto ya kabaza, n'kugona kwa abale pa Boma, kuti ulendowo usamupite.

Malo tinali titawayendera kale, loji ina ya pakati pa Makokola ndi Nkhudzi. Manejala wake, bambo wansangala wa mulu wa makiyi m'chiuno, anationetsa chisakasa chachikulu choyang'ana kumadzi, chopita mphepo mbali zonse. Mayi Chirwa anamuuza kuti tikubweretsa odwala, ndiye tikufuna malo apadera, mbale zawozawo ndi chakudya chotentha. Iye anavomera zonse.

Titafika tsikulo, chisakasa chija chinali chodzaza ndi anthu a msonkhano ochokera ku Lilongwe. Mmodzi ankatsokomola moti tinkamumva tili pageti. Mlonda analozera dalaivala wathu njira ya magalimoto a nkhuni, yozungulira kuseri kwa khitchini. Kumeneko kunali chipinda chosungiramo matiresi akale: windo limodzi losatseguka, khoma lakuda ndi nkhungu, zitosi za makoswe m'makona. Panja pake panadutsa ngalande ya madzi otsukira nsomba, ntchentche zokhazokha. Mipando yathu anali ataindanda mkatimo. Pa loji yonseyo panalibe malo oopsa kwa munthu wopanda chitetezo m'thupi kuposa chipinda chimenecho.

Tisanatsitse aliyense, woperekera zakudya anatulukira ndi thireyi, manja atawakulunga m'majumbo. Anaika chakudya pansi pakhomo la chipindacho n'kubwerera chafutambuyo, ngati wapatsira galu woluma. Makolo onse anaona zimenezo kudzera m'mawindo a minibasi.

Tinaitanitsa manejala. Anabwera n'kuima chapatali ndi galimoto, wopanda manyazi alionse.

"Mayi, munati apadera," anatero. "Apa si padera?"

M'pamene tinamvetsa. Kwa ife malo apadera anali malo osankhidwa bwino, otchinjiriza odwala athu ku matenda a anthu ena. Iye atamva za odwala ndi mbale zawozawo, anaona anthu ofunika kuwapatula kuti asapatsire alendo ake. Mayi Chirwa anamufotokozera mofatsa kuti khansa sipatsirana, ndi kuti woopsa pamalopo anali bwana wotsokomola uja. Manejala anaseka. Anati iye si dokotala, chimene amadziwa ndi alendo, ndipo alendo akaona gulu la masiki amayamba mafunso. Kenako anati atichitira chifundo: tikhoza kutsikira kumchenga, pambali pa chisakasa chija, bola onse avule masiki kuti azioneka ngati anthu.

Mawu amenewo anafika m'minibasi. Nditacheuka ndinaona Asiyatu akukoka kachingwe ka masiki kukhutu. Sanaoneke wokwiya, ankangofuna kufika kumadzi. Mayi ake anamugwira dzanja n'kulitsitsira pamiyendo, kenako anasuzumira pawindo.

"Bwana, mwanangayu tsitsi linatha, magazi anatha," anatero Abiti Juma. "Kansaluka n'kamene kamutsalira. Nakonso mukukafuna?"

Manejala anayang'ana foni yake.

Ine mtima unali utawira. Ndinkafuna kulowa m'chisakasa muja ndi kuwauza a msonkhano zimene zikuchitika kuseri kwa mpunga wawo. Mayi Chirwa anandigwira malaya. Anati mkangano ukatalika, amene akupsa ndi dzuwa m'galimoto ndi odwala, osati manejala. Tinatuluka.

Dalaivala wathu, Che Bwanali, anati akudziwa doko la asodzi chapafupi, kumene kulibe mpanda. Mayi Chirwa anakana. Malowo sitinawayendere, pamathandala oyanikapo usipa pamadzaza ntchentche, chimbudzi palibe, ndipo inali nyengo imene kolera ankamveka m'madoko. Ananena zoona, ndipo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Kunyanjako mchenga woyera wambiri uli kuseri kwa mipanda ya njerwa ya maloji. Wotsalawo ndi umene wodwala sangapondepo.

Tinaima pakamtunda kena m'mbali mwa msewu, pamene madzi amaonekera pakati pa mipanda iwiri, kampata ngati ka chitseko. Tinagawa mabisiketi a m'mapaketi ndi madzi athu aja. Asiyatu anayang'ana nthawi yaitali, masiki ali kumaso, kenako anandifunsa ngati nyanja yonse ndi yomweyo. Ndinamuuza kuti ndi yaikulu, ndipo tidzabweranso. Mayi ake anati Inshaallah, osandiyang'ana.

Ulendo wotsatira utakonzeka, pa loji ina, ndinaimbira ku Katuli. Asiyatu anali atagonekedwanso kuchipatala ku Blantyre. Utakonzeka winanso, anali akadali komweko. Kenako foni ya Abiti Juma inasiya kupezeka. Sindikudziwa ngati mwana uja anafikako kumadzi.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Masiku ano ndimayendera malo awiri pa ulendo uliwonse, kuti ena akatitembenukira tikhale ndi kolowera. Ndikamakambirana ndi mwini malo sindinenanso mawu aulemu otha kumveka pawiri. Ndimamuuza maso ndi maso kuti anthu ndikubweretsawa sangamupatsire kanthu, koma iye, antchito ake ndi alendo ake akhoza kuwapha ndi chifuwa wamba. Ndimaitanitsa ophika ndi alonda kuti amve okha. Kenako ndimamufunsa ngati angalole mwana wa masiki kukhala pamene alendo ena onse akumuona. Akangoyamba kukanda mutu, ndimanyamuka tiyi wake asanafike.